PAUL NGOZI: WOIMBA AMENE ADALANKHULITSA GITALA CHINYANJA

Munthu akatchula dzina lakuti Nyirongo pa Mlare, m'boma la Karonga, palibe amene amatembenuka modabwa, pakuti ndi mfunda wodziwika m'maboma a chigawo cha kumpoto, ndiponso kutsidya kwa malire, ku Lundazi ndi ku Chama m'dziko la Zambia. Komabe ndi owerengeka okha amene amadziwa kuti mmodzi mwa akatswiri a nyimbo za rock m'chigawo chino cha Africa adali mwini dzina limeneli. Dzina lake lobadwa nalo lidali Paul Dobson Nyirongo, koma anthu a mu Lusaka adamdziwa ndi dzina lakuti Paul Ngozi, ndipo ndi dzina lachiwirili limene lidamfikitsa kutali. Nkhani ya lero ikulongosola za moyo wa munthu ameneyu: kumene adakulira, m'mene adatchukira, zimene zidazimitsa maimbidwe ake, ndiponso chifukwa chimene mau ake akumvekeranso patapita zaka zoposa 30 chimwalirireni.

Poyamba ndi bwino kufotokoza mtundu wa nyimbo umene iye adasankha. Rock and roll idabadwira ku America m'zaka za m'ma 1950, ndipo mizu yake ili m'nyimbo za anthu akuda a kumeneko, zidzukulu za akapolo amene adatengedwa kuchokera ku Africa. Nyimbo zawo za chisoni zotchedwa blues, pamodzi ndi nyimbo za m'matchalitchi mwawo, zidasakanizika ndi nyimbo za azungu a m'midzi ya kumwera kwa dzikolo, ndipo padatuluka maimbidwe achangu, ogunda mwamphamvu, otsogozedwa ndi gitala ya magetsi kapena piyano. Chuck Berry ndi Little Richard adatchuka nawo mu 1955, ndipo Elvis Presley, amene mbale yake yoyamba idajambulidwa ku Memphis mu 1954, adawalowetsa m'nyumba za azungu. Pofika m'zaka za m'ma 1960, anyamata a ku Britain monga a Beatles ndi a Rolling Stones adali atatola maimbidwewo ndi kuwawanditsa pa dziko lonse. Dzina lidafupika nkukhala rock, koma phokoso lidakula. Amene adalikuza koposa anzake adali Jimi Hendrix, mnyamata wakuda wa ku Seattle, amene adamwalira ku London mu 1970 ali ndi zaka 27 zokha.

Nanga nyimbo za kutali chotere zidafika bwanji ku Lusaka, ku Blantyre ndi m'midzi ya m'mphepete mwa nyanja? Njira yoyamba idali wailesi. Mu 1949, chaka chomwe Paul adabadwa, m'dziko la Northern Rhodesia mudayamba kugulitsidwa kawailesi kotsika mtengo koyendera batire, kamene kadatchedwa Saucepan Special chifukwa chigoba chake chidali chonga sefuliya. Nyumba youlutsira mau ya mu Lusaka inkaulutsa m'zinenero za anthu, kuphatikizapo Chinyanja, ndipo inkamveka mpaka ku Nyasaland. Njira yachiwiri idali miyendo ya anthu. Amuna ambiri a ku Karonga, Rumphi, Mzimba ndi Nkhata Bay ankapita kukagwira ntchito ku migodi ya mkuwa ya ku Kitwe, Mufulira, Luanshya ndi Chingola, ndipo pobwerera kumudzi ankanyamula njinga, galamafoni ndi mbale zake. Motero khutu la mwana wa masiku amenewo lidazolowera kumva rumba ya ku Congo, kwela wa ku Johannesburg ndi rock and roll ya ku America zikutuluka m'bokosi limodzi.

Paul Nyirongo adabadwa pa 10 Januwale, 1949, ndipo adakulira m'komboni ya Chibolya, kufupi ndi pakati pa mzinda wa Lusaka. Liu lakuti chibolya m'Chibemba limatanthauza bwinja, mudzi umene eni ake adausiya. Koma Chibolya ya mu Lusaka sidali bwinja ai. Idali yodzaza ndi anthu osauka amene adachoka m'midzi mwawo kudzafuna ntchito m'tauni ya atsamunda, ndipo idadziwika ndi nyumba zothinana, umphawi, uchidakwa ndi umbanda. Chinenero chimene chinkalumikiza anthu a mitundu yosiyanasiyana m'makomboni a Lusaka chidali Chinyanja, popeza ambiri mwa antchito a mumzindamo adachokera kum'mawa kwa dzikolo ndi ku Nyasaland, ndiponso popeza Chinyanja ndicho chinkalankhulidwa ndi apolisi ndi asilikali a boma la atsamunda. Chidali Chinyanja cha m'tauni, chosakanizika ndi Chinsenga, Chibemba ndi Chingerezi, koma munthu wa ku Dedza kapena wa ku Kasungu akachimva sangafune womasulira. Zinthu ziwirizi, mavuto a m'komboni ndi chinenero cha m'komboni, ndizo chuma chimene mnyamatayu adatuluka nacho pakhomo pa makolo ake, ngakhale kuti pa nthawiyo palibe akadazitcha chuma.

Pamene dziko la Zambia lidalandira ufulu wodzilamulira pa 24 Okutobala, 1964, miyezi itatu ndi theka chilandirireni Malawi ufulu wake, Paul adali ndi zaka 15. Zaka khumi zotsatira zidali za chiyembekezo. Mkuwa unkagulidwa pa mtengo wabwino kunja, antchito a m'migodi ankalandira malipiro okwanira kutsalako, ndipo m'mahotela ndi m'maholo munkafunika magulu oimba Loweruka lililonse. Anyamata adayamba kugula kapena kubwereka magitala a magetsi. Poyamba ntchito yawo idali yotsanzira chabe, ndipo woimba wabwino ankayesedwa amene watha kutchula Chingerezi monga momwe chikumvekera m'mbale. Mu Disembala 1970 woimba wotchuka wa ku America, James Brown, adafika ku Zambia, ndipo achinyamata adaona ndi maso awo munthu wakuda akulamulira nsanja ndi khamu lonse ngati mfumu pabwalo. Paul adayambira m'timagulu ta mu Lusaka, akuimba ndi mnzake woomba ng'oma, Chrissy Zebby Tembo. Pambuyo pake adapita ku Nairobi, m'dziko la Kenya, kumene adaimba kwa kanthawi kochepa ndi Musi-O-Tunya, gulu la anyamata a ku Zambia limene lidayambitsidwa ndi Rikki Ililonga ndi anzake. Gulu limeneli lidali limodzi mwa oyamba kuyesa kulumikiza rock ndi magule a kwawo.

Atabwerera ku Lusaka, chapakati pa zaka za m'ma 1970, Paul adakhazikitsa gulu lakelake lotchedwa Ngozi Family. Mutu umodzi susenza denga, ndipo denga la gululi lidasenzedwa ndi anthu atatu: Paul pa gitala yotsogolera ndi pa mau, Tembo pa ng'oma, ndiponso woimba gitala ya besi, ntchito imene mmodzi mwa oigwira adali Tommy Mwale. Padalibe malipenga, padalibe oimba ambiri othandizira. Mphamvu yonse idali m'kaliridwe ka gitala, ndipo pano pafunika kulongosola pang'ono m'mene kaliridweko kamapangidwira. Gitala ya magetsi payokha ilibe mau ambiri. Nsambo zake zachitsulo zikanjenjemera, timaginito timene tili pansi pake timasandutsa kunjenjemerako kukhala kamphamvu ka magetsi, kamene kamayenda m'chingwe kupita ku makina okuzira mau. Pakati pa gitala ndi makinawo, oimba rock amaika kabokosi kopondedwa ndi phazi kotchedwa fuzz. Kabokosika kamakuza mphamvu ija mopitirira muyeso, kotero kuti nsonga za mau zimaduka, ndipo m'malo mwa kulira kosalala pamatuluka kulira kokhakhala, konga kwa chitsulo chimene chikuchekedwa ndi sowo. Chimene katswiri wa makina akadachitcha kuonongeka kwa mau, Paul adachisandutsa chizindikiro chake. Pa nsanja sankaima malo amodzi, ndipo ankafika poimba gitala ndi mano monga ankachitira Hendrix. Anthu oona zimenezi adagwirizana kuti dzina lakuti Ngozi lidamuyenera.

Luso lokha silikadakwanira pakadapanda khomo loti lituluke. Khomolo lidatsegulidwa ndi boma. Chapakati pa zaka za m'ma 1970, mtsogoleri wa dziko la Zambia, Dr. Kenneth Kaunda, amene nawonso adali okonda kuimba gitala, adalamula kuti nyimbo zosachepera 90 mwa nyimbo 100 zilizonse zoulutsidwa pa wailesi ya dzikolo zikhale za oimba a ku Zambia. Cholinga chawo chidali kulimbikitsa chikhalidwe ndi umodzi wa dziko la mitundu yambiri. Mwina adayembekeza kuti wailesi idzadzaza ndi nyimbo za makolo, koma amene adali okonzeka ndi zida m'manja adali anyamata a rock. Tsono wailesi idafuna nyimbo zatsopano tsiku ndi tsiku, ndipo kutsanzira mbale za kunja kudasiya kupindula. Woimba aliyense adayenera kupeka zake. Ku Ndola kudali kampani ya Teal, imene inkadinda mbale, ndiponso Zambia Music Parlour ya Edward Khuzwayo, imene inkalipirira magulu kujambula nyimbo, nthawi zina mpaka kuwatumiza ku Nairobi kumene kudali makina abwino. Maimbidwe amene adakula m'zaka zimenezi adapatsidwa dzina lakuti Zamrock, ndipo magulu ake otchuka adali WITCH, Amanaz, Musi-O-Tunya ndi Ngozi Family.

Mu 1976 gulu la Ngozi Family lidatulutsa chimbale chotchedwa Day of Judgement. Chaka chotsatira, mu 1977, kudatuluka china chotchedwa 45,000 Volts, ndiponso The Ghetto, chimene chidatuluka m'dzina la Paul Ngozi mwini. Pa zimbale zimenezi ndi pamene pakuonekera chimene chidamsiyanitsa ndi anzake ambiri. Magulu ena a Zamrock ankaimba kwambiri m'Chingerezi. Paul nayenso adaimba m'Chingerezi, koma pambali pa nyimbo zoterozo adaika zina za m'Chinyanja cha mu Lusaka, ndipo maina ake okha akukwanira kusonyeza kumene mtima wake udali: "Kumanda kwa Bambo Wanga", "Tikondane", "Ulesi Tileke". Rock ya ku Ulaya inkakamba kwambiri za chikondi cha achinyamata ndi za kukana malamulo a akuluakulu. Rock ya Paul Ngozi idakamba za maliro, za umphawi, za makolo otaya ana chifukwa cha mowa, za munthu wofuna kudzipha, za Mulungu ndi chiweruzo chake. Pa chimbale cha 45,000 Volts adaikaponso nyimbo yomvera chisoni anthu a ku Zimbabwe, amene pa nthawiyo adali pa nkhondo yomenyera ufulu wawo.

Kunena zoona, ntchito imeneyi sidali yachilendo kwa omvera ake. Kumudzi, mkazi amene wavutika pa banja amakanena madandaulo ake pa mtondo, ndipo nyimbo yake yosinjira imafika m'makutu a mwamuna ndi apongozi popanda wina womuimba mlandu. Woimba bangwe kapena kaligo amadzudzula waulesi ndi wakuba pamaso pa mudzi wonse, anthu nkumaseka, koma uthenga utalowa. Paul Ngozi adatenga udindo womwewo ndi kuunyamulira m'tauni, kumene kudalibe mtondo wa onse kapena bwalo la mfumu. Kusiyana kudali kwakuti iye adadzudzula ndi gitala ya magetsi. Ichi ndicho chifukwa chake adakondedwa ndi anthu amene sadamvepo dzina la Hendrix: amai ogulitsa pa msika, antchito a m'mafakitale, anyamata osowa ntchito. Iwo sadamve nyimbo ya ku America ai, adamva mwana wa m'komboni akunena zimene zikuchitika kuseri kwa nyumba yawo, m'chinenero chimene amakanganira ndi kupepesana.

Anthu a ku Mlare ndi madera ena a Karonga ali ndi chitsanzo chawochawo cha nzeru yotereyi. Mu Seputembala 1914, nkhondo yoyamba ya dziko lonse idafika pa Karonga, pamene asilikali a Germany ochokera kumpoto adamenyana ndi asilikali a King's African Rifles. M'zaka za nkhondoyo ndi pambuyo pake, anthu a m'mphepete mwa nyanja adaona perete wa asilikali, mayunifomu awo, ng'oma zawo ndi malipenga awo amkuwa. Sadangoonerera chabe. Adasema zikho nkuzisandutsa malipenga, adavala makabudula ndi malaya oyera, adaika maudindo m'magulu awo monga a asilikali, ndipo adapekera guleyo nyimbo m'zinenero zawo. Lero gule wa malipenga ku Nkhata Bay, amene ku Karonga amatchedwa mapenenga, palibe amene amamuyesa wa Azungu. Akuluakulu adati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Koma kalumoko kamakhala ka pamudzi pokhapokha eni mudzi akayamba kumetera mitu yawo. Chimene ovina mapenenga adachita ndi lipenga la msilikali, Paul Ngozi adachita ndi gitala ya Hendrix.

Omvera ena angafunse chifukwa chimene Malawi sadakhale ndi gulu la oimba rock lotchuka chimodzimodzi m'zaka zomwezo. Anyamata aluso adalipo, ndipo m'mahotela a mu Blantyre munkamveka magitala a magetsi. Koma nyengo idali yosiyana. Dziko lidalibe ndalama za migodi zoti zidzaze maholo, ndipo oimba ambiri ankadalira kujambula nyimbo zawo ku nyumba ya wailesi ya MBC, imene idali wailesi yokhayo m'dziko. Bungwe la boma loona zofalitsidwa linkasefa nyimbo, mabuku ndi mafilimu. Amuna adaletsedwa kusunga tsitsi lalitali, ndipo lamulo la kavalidwe la 1973 lidaletsa akazi kuvala mabuluku ndi masiketi aafupi, kotero kuti maonekedwe enieni a woimba rock adali okwanira kumgwetsa m'mavuto. Ngakhale zidali tero, njira ya Paul Ngozi idayendedwanso kuno. Wambali Mkandawire, amene kwawo kudali ku Mlowe m'boma la Rumphi, m'mphepete mwa nyanja yomweyi, adayamba ndi kuimba rock m'gulu lotchedwa Pentagon m'zaka za m'ma 1970. Koma dzina lake lidamveka kunja kwa dziko pamene adabwerera ku Chitumbuka ndi ku magule a kwawo, makamaka ndi chimbale chake cha Zani Muwone. Adamwalira pa 31 Januwale, 2021.

Kubwerera ku Lusaka, chomvetsa chisoni ndi chakuti zimbale zazikulu za Paul Ngozi zidatuluka pamene nthaka idali itayamba kale kugumuka pansi pa mapazi a oimba. Mu Januwale 1973 boma la azungu la Ian Smith ku Rhodesia lidatseka malire ake ndi Zambia, ndipo katundu adayamba kuvuta kulowa ndi kutuluka. Kumapeto kwa chaka chomwecho mtengo wa mafuta udakwera pa dziko lonse. Mu 1975 mtengo wa mkuwa udagwa, chonsecho mkuwawo ndiwo unkabweretsa pafupifupi ndalama zonse zakunja za dzikolo. Nsambo za gitala, makina okuzira mau, ngakhale pulasitiki yodindira mbale, zonse zidali zochokera kunja, ndipo zidayamba kusowa kapena kukwera mtengo. Munthu amene akuima pa mzere wogula ufa ndi sopo saganiza zogula chimbale.

Pamwamba pa umphawi padabwera nkhondo. Popeza Zambia idasunga omenyera ufulu a ku Zimbabwe, ndege ndi asilikali a Rhodesia adayamba kuukira misasa yawo m'kati mwa dzikolo. Mu Okutobala 1978 adaphulitsa msasa wina kufupi ndi Lusaka, ndipo m'mwezi womwewo, pa chiwembu china kufupi ndi Mkushi, adaphedwa Alick Nkhata, woimba ndi muulutsi amene mau ake adadziwika pa wailesi ya Lusaka kuyambira masiku a kawailesi ka sefuliya kaja. Boma lidaika malamulo oletsa kuyenda usiku ndi ozimitsa magetsi. Kwa gulu loimba, usiku ndiwo munda, ndipo munda utatsekedwa magulu ambiri adatha. Pamene mtendere udabwerera mu 1980, makonda a anthu adali atasintha. Eni mabala adaona kuti kulemba munthu mmodzi woseweretsa mbale za disco nkotsika mtengo kusiyana ndi kulipira gulu lathunthu. Makaseti adafika, ndipo aliyense ankatha kukopera nyimbo za mnzake popanda woimba kulandirapo ngakhale ngwee imodzi. Pa wailesi ndi m'malo omwera mowa mudalowa kalindula wochokera ku Luapula ndi rumba ya ku Zaire.

Paul Ngozi sadataye gitala. Adapitiriza kuimba ndi kutulutsa nyimbo m'zaka za m'ma 1980, pamene anzake ambiri adali atasiya, ndipo chimene chidamsunga m'mitima ya anthu chidali chomwe chija: ankanena za moyo wawo m'chinenero chawo. Koma zaka zimenezo zidabweretsa mdani wina woposa umphawi ndi nkhondo. Mliri wa Edzi udalowa m'mizinda ya Zambia ndi Malawi, ndipo udakolola kwambiri anthu a zaka za pakati pa 20 ndi 45, msinkhu weniweni wa oimba. Anthu ankaopa ngakhale kutchula dzina la matendawo, mpaka mu 1987 pamene Dr. Kaunda adaulula poyera kuti mwana wawo wamwamuna adamwalira nawo. Mbadwo wa Zamrock udatha ngati chimanga chogwa ndi mphepo. Mwa amene adayambitsa gulu la WITCH adatsala Emmanuel Chanda, wodziwika ndi dzina lakuti Jagari, ndipo nayenso adafika pokakumba miyala ya mtengo wapatali kuti adyetse banja lake. Paul Ngozi adamwalira mu 1989 ali ndi zaka 40.

Kwa zaka pafupifupi 20 chimwalirireni, nyimbo zake zidatsala m'makumbukiro a akuluakulu a mu Lusaka ndi m'mbale zokalamba zosungidwa pansi pa bedi. Matepi ambiri oyambirira a nyimbo za Zamrock adatayika kapena kuonongeka, popeza padalibe amene adaona kufunika kowasamala. Chipulumutso chidachokera kumene sichinkayembekezeka. Anthu osonkhanitsa mbale zakale ku Ulaya ndi ku America adayamba kupeza zimbale za ku Zambia, nadabwa ndi zimene adamva. Kampani ya Now-Again Records ya ku Los Angeles idafunafuna oimba otsala ndi mabanja a omwalira, ndipo idayamba kudindanso nyimbozo. Day of Judgement idatulukanso mu 2014, ndipo mu 2017 kudatuluka zimbale ziwiri zosonkhanitsa nyimbo za magulu ambiri pansi pa mutu wakuti Welcome to Zamrock. Mu 2019 kudaonetsedwa filimu yofotokoza mbiri ya gulu la WITCH, ndipo Jagari adabwereranso pa nsanja ali nkhalamba, kuimbira achinyamata a maiko akutali. Mu 2022 Sampa the Great, woimba wamkazi wa ku Zambia wodziwika kunja, adatulutsa nyimbo yolemekeza mbadwo umenewu.

Chodabwitsa choposa zonse chidachitika mu Okutobala 2024. Woimba wina wotchuka wa ku America, Tyler, the Creator, adatulutsa nyimbo yotchedwa "Noid", ndipo m'kati mwake adalowetsa chigawo cha nyimbo ya Ngozi Family yotchedwa "Nizakupanga Ngozi", yochokera pa chimbale chija cha 45,000 Volts. Chimbale cha Tyler chimene muli nyimboyi, Chromakopia, chidafika pa nambala 1 pa mndandanda wa zimbale zogulidwa kwambiri ku America. Motero patapita zaka 47 chijambulireni, ndiponso zaka 35 mwini wake ali m'manda, mau a mwana wa ku Chibolya adamveka m'makutu a anthu miyandamiyanda. Choyenera kuchisunga m'mutu ndi chakuti chigawo chimene adasankha sichidali cha m'Chingerezi. Mwa nyimbo zonse za Paul Ngozi, Mmerikayo adatola mau a m'Chinyanja. Nyimbo imene idachoka ku Africa m'zombo za akapolo, nkusanduka rock and roll ku America, nkubwerera ku Lusaka pa wailesi, idaolokanso nyanja kachitatu itavala chinenero cha m'komboni.

Pa moyo wa munthu ameneyu pali zinthu ziwiri zimene zikukhudza Malawi wa lero. Choyamba chikupita kwa achinyamata amene akupeka nyimbo pa Mlare, pa Chilumba, pa Karonga boma ndi m'maboma ena onse, ena pa kompyuta, ena pa foni chabe. Kubwereka maimbidwe a kunja si mlandu, pakuti mapenenga omwe adayamba ndi kubwereka. Koma wotsanzira amakhala wachiwiri nthawi zonse, chifukwa mwini nyimbo alipo kale kwawo. Oimba a ku Zambia amene adangobwereza mbale za ku London adaiwalika pamodzi ndi maholo amene ankaimbamo. Amene akukumbukiridwa ndi amene adapeka zawo, ndipo Paul Ngozi adapitirira pamenepo poika mu nyimbozo maliro a bambo wake, ulesi wa mnansi wake ndi chinenero cha mai wake. Woimba wa ku Karonga ali ndi Kyangonde ndi Chitumbuka, ali ndi nkhani za asodzi, za alimi a mpunga, za madzi osefukira ndi za achibale amene adapita ku Johannesburg osabwerera. Zimenezi palibe wa ku America angaziimbe m'malo mwake.

Chachiwiri chikupita kwa onse amene ali ndi udindo wosunga. Nyimbo za Paul Ngozi zidapulumuka chifukwa mbale zina zidatsala, ndipo alendo adazipeza nthawi isanathe. Dziko la Malawi lili ndi oimba ake a mbadwo womwewo, monga Daniel Kachamba, Allan Namoko ndi Robert Fumulani, ndi ena ambiri amene maina awo sadatchuke koma mau awo adajambulidwa pa matepi. Tepi ndi chinthu chofooka: chinyezi chimaiumbitsa nkhungu, kutentha kumaimata, ndipo makina oiseweretsa akusowa chaka ndi chaka. Banja limene lili ndi mbale, kaseti kapena chithunzi cha woimba wakale lisachiyese chinyalala, ndipo mabungwe osunga mbiri ya dziko asadikire kuti mlendo adzawauze mtengo wa chuma chawo. Ku Kabwata, mumzinda wa Lusaka, kuli msewu umene udapatsidwa dzina la Paul Ngozi. Ulemu wotere ndi woyenera, koma chikwangwani cha pa msewu sichiimba. Woimba amakhalabe moyo pokhapokha mau ake atasungidwa pamalo pamene mwana wobadwa mawa adzathe kuwamva.